Mafoni ndi malaputopu a kampani ali kutali, tingawayang'anire bwanji tili ku Msasa?

Nabanda_Msasa

Moni akuluakulu nonse a pano pa Harare amene mumagwira ntchito za IT. Ndabwera kudzapempha nzeru.

Kampani yathu imagulitsa ndi kugawa katundu, ndipo ofesi ili ku Msasa. Tili ndi malaputopu 38, mafoni a kampani 55 (ambiri ndi Samsung, ena Tecno ndi itel), ndi ma iPhone okwana 6 a mabwana. Ogulitsa malonda ndi madalaivala amakhalira pamsewu, ku Bulawayo, Mutare, Gweru mpaka ku Beitbridge, ndipo ena amatha miyezi iwiri osaponda ku ofesi. Palinso anthu pafupifupi 20 amene amawerenga imelo ya kuntchito pa mafoni awoawo. Imelo yathu ndi ya Microsoft 365 Business Standard.

Pakali pano chipangizo chilichonse chili pachokha. Foni ikatayika timangosintha pasiwedi ya imelo basi. Mabwana akufuna kuti tizitha kutseka kapena kufufuta chipangizo chotayika tili konkuno, tiziika mapulogalamu ndi ma update popanda kuitanitsa munthu, komanso tizichotsa za kampani munthu akasiya ntchito. Ndiyambire pati, ndipo misampha yake ili poti?

Phiri_Graniteside

Zikomo a Nabanda pofunsa musanagule kalikonse. Chimene mukufunacho amachitcha MDM, kutanthauza kuyang'anira mafoni ndi malaputopu a kampani muli patali. Popeza imelo yanu ili kale kwa Microsoft, njira yafupi ndi Intune, pulogalamu ya MDM ya Microsoft. Business Standard ilibe Intune yathunthu, muyenera kukwera pa Business Premium, imene ili ndi Intune, Entra ID P1 (yoyang'anira maakaunti a antchito) ndi Defender for Business (yoteteza ku mavairasi), ndipo imalola anthu osapitirira 300. Layisensi imawerengedwa pa munthu, choncho wogulitsa malonda amene ali ndi laputopu ndi foni mumamulipirira kamodzi. Kwa madalaivala amene amangofuna foni ndi kaimelo, onani layisensi ya F3, ndi yotsikirapo mtengo ndipo bokosi lake la imelo ndi la 2 GB.

Mabwana anu muwauze poyambirira pomwe kuti lamulo lofufuta limagwira ntchito pokhapokha chipangizocho chikalowa pa intaneti. Munthu akasolola foni m'thumba pa renki ya makombi, chinthu choyamba amaizimitsa n'kuchotsa SIM. Inu mudzadina Wipe, koma lamulolo lidzangokhala pa pending mpaka kalekale. Chimene chimateteza za kampani pa tsiku lotero ndi zomwe munaika foni isanabedwe: encryption (kubisa zonse za m'chipangizo kuti wopanda kiyi asaziwerenge), PIN yolimba, ndi mphamvu yotseka akaunti ya munthuyo. Kufufuta ndi kongowonjezera.

N'chifukwa chake ine ndikuti yambani ndi maakaunti, zipangizo zibwere pambuyo. Munthu aliyense akhale ndi MFA (chitsimikizo chachiwiri pamwamba pa pasiwedi) kudzera pa Microsoft Authenticator. Ya SMS isiyeni, chifukwa nambala ikabedwa kapena wina akatulutsa SIM ina m'dzina la mwini wake, makodi onse amapita kwa wakubayo. Pangani maakaunti awiri a admin adzidzidzi, omwe sakhudzidwa ndi malamulo anu a Conditional Access (osankha amene angalowe mu akaunti ndi chipangizo chotani), ndipo zotsegulira zake zisungidwe mu sefa. Lamulo lililonse latsopano la Conditional Access liyambe pa report-only kwa sabata imodzi kapena ziwiri, muone amene likanawatsekera kunja. Mukaliyatsa molunjika, mutha kudzitsekera nokha pamodzi ndi kampani yonse.

Pa mafoni a Android 55 aja, sankhani mtundu wa kalembera musanakhudze foni iliyonse, chifukwa kusintha pambuyo kumafuna kufufuta foni. Fully managed ndiye kuti foni yonse ili m'manja mwa kampani, munthu sangaike pulogalamu imene simunavomereze mu Managed Google Play. Iyi ndi ya madalaivala. Mtundu wina ndi foni ya kampani yokhala ndi work profile, momwe munthu amakhala ndi mbali yake ya zithunzi ndi WhatsApp yake, koma foniyo mutha kuifufuta yonse. Iyi imayenera ogulitsa malonda amene safuna kunyamula mafoni awiri. Mitundu yonseyi imafuna factory reset. Foni ikayaka pa sikirini yoyamba ya moni, gogodani pamalo opanda kanthu kasanu n'kamodzi, kamera itseguka, muwerengetse QR code yochokera mu Intune. Chitirani pa Wi-Fi ya ku ofesi chifukwa imakoka mapulogalamu ambiri. Musanafufute, onetsetsani kuti munthu wasamutsa manambala a makasitomala ake ndi mauthenga a WhatsApp, ndiponso wachotsa akaunti yake ya Google, apo ayi foni ikufunsani pasiwedi ya akauntiyo ikamayaka.

Ma Samsung ali ndi mwayi wina. Knox Mobile Enrollment ndi yaulere, ndipo foni yolembedwamo ikafufutidwa ndi wina aliyense, imabwereranso ku kalembera wa kampani yanu ikangopeza intaneti. Wogulitsa mafoni wovomerezeka ndiye amalowetsa ma IMEI (nambala yodziwira foni iliyonse), kapena mutha kulowetsa nokha imodzimodzi ndi Knox Deployment App. Mafoni otsika mtengo a Android Go ambiri alibe work profile, ndipo ena amapha mapulogalamu akumbuyo pofuna kusunga batire, kotero foni imasiya kulankhula ndi Intune mwakachetechete. Tengani imodzi pa mtundu uliwonse, muiyese kwa sabata yathunthu musanalembetse zonse. Huawei yopanda mapulogalamu a Google singalowe mu Android Enterprise, musagule.

Ndisaiwale kachinthu kamodzi kobisika. Mu Intune muli setting yoti chipangizo chopanda compliance policy (malamulo oyesera ngati chili chotetezeka) chitengedwe ngati chili bwino kapena ayi. Imabwera ili pa Compliant. Isintheni ikhale Not compliant mukangomaliza kuika ma policy anu, apo ayi chipangizo chomwe munaiwala kuchiika m'gulu chizingodutsa pachipata ngati kuti chayesedwa.

Mbewe_Highfield

Achimwene a Phiri anena za mafoni, ine ndigwire za malaputopu, chifukwa kuno kwathu vuto lake limayambira pogula.

Malaputopu ambiri a m'maofesi a pa Harare ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku UK kapena ku South Africa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yambani ndi kuona mtundu wa Windows pa iliyonse mwa 38 zija. Windows Home singalowe mu Entra ID, ilibe Autopilot (njira yoti laputopu idzilembetse yokha ku kampani ikayaka koyamba), ndipo BitLocker yake (encryption ya Windows) simungaiyendetse monga mufunira. Business Premium sikweza Home kukhala Pro, mumagula kukwezako padera. Kenako onani zaka zake. Windows 10 inasiya kulandira ma update aulere a chitetezo pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, Secure Boot, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo. Dinani Windows ndi R, lembani tpm.msc, muone. Laputopu ya m'badwo wa 6 kapena 7 musaitayire nthawi yoilembetsa, ikani pa mndandanda wa zosintha. Zija zoikidwa Windows 11 mozembetsa pa makina osayenera zimadzakakamira pa update yaikulu yotsatira.

Nyerere zenizeni ndi izi. Laputopu imene inali ya kampani ina kunja itha kukhala idakalembedwabe mu Autopilot ya kampaniyo. Wogulitsa amaika Windows popanda intaneti, zonse zimaoneka bwino. Tsiku limene inu mudzaifufute n'kuilumikiza pa Wi-Fi, pa sikirini padzatuluka dzina ndi chizindikiro cha kampani yachilendo, ikukufunsani imelo ya kumeneko. Mukayesa kulowetsa hardware hash yake (chizindikiro chodziwira laputopuyo) mu Intune yanu, ikukanani ndi error 808, kutanthauza kuti ili kale m'manja mwa ena. Wochotsa ndi mwini wakaleyo, kapena Microsoft mutapereka umboni woti munagula. Ndiye pogula, uzani wogulitsa aifufute pamaso panu, ailumikize pa intaneti pa sikirini yoyamba, muone chimene chituluke. Lowaninso mu BIOS muone ngati ili ndi pasiwedi imene iye saidziwa. Ngati ilipo, isiyeni pa kauntala pomwepo.

Pa makina omwe muli nawo kale, hash mumaitenga ndi script ya Get-WindowsAutopilotInfo mu PowerShell, imatulutsa fayilo ya CSV yomwe mumailowetsa mu Intune. Koma musathamangire kufufuta onse 38. Amene ali pamsewu atha kulowa mu Entra ID kudzera pa Settings, Accounts, Access work or school, ngakhale kuti mafayilo awo amatsala mu profile yakale ndipo amafunika kusamutsidwa. Njira yoyera ndi kudikira munthu abwere ku Msasa, mafayilo a Desktop ndi Documents akwere ku OneDrive, kenako mufufute. Asanu pa sabata ndi okwanira kwa munthu mmodzi wa IT amene ali ndi ntchito zina.

BitLocker iyatseni kudzera mu policy, ndipo muikemo lamulo loti isayambe encryption mpaka kiyi wobwezera atasungidwa mu Entra ID. Kiyi ameneyu ndi manambala 48. Tsiku lina dalaivala kapena wogulitsa adzakuimbirani ali ku Gweru kuti laputopu yaonetsa sikirini ya buluu yofuna kiyi. Zimachitika BIOS ikasinthidwa, Secure Boot ikakhudzidwa, kapena wokonza makina akasintha motherboard. Ngati kiyi ali mu Entra ID, mumamuwerengera pa foni, mphindi zisanu zatha. Ngati mulibe, zonse za pa disikiyo zapita, palibe katswiri wa m'tauni angazitulutse. Mukawerengera munthu kiyi, muzungulitseni mu Intune kuti wakaleyo afe.

Magetsi a ZESA amalowererapo apa. Update ya BIOS ikadukizidwa pakati, motherboard itha kufa. Malaputopu akale ambiri batire lake silisunga moto, ndiye ma update a firmware musawasiye kuti azidzivomereza okha. Aikeni pa kuvomereza kwa manja, muwachite makina ali ku ofesi pa inverter. Kabatire kakang'ono ka pa motherboard kakafanso, wotchi imabwerera m'mbuyo, masatifiketi amakanidwa, ndipo makina amasiya kulankhula ndi Intune ngakhale intaneti ilipo. Mukaona laputopu yasowa pa mndandanda kwa masabata, funsani kaye mwini wake tsiku limene likuoneka pakona ya sikirini.

Ma update a mwezi ndi mwezi amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi. Pangani magulu awiri: makina 4 kapena 5 a ku ofesi alandire nthawi yomweyo, ena onse adikire masiku 7, kenako apatsidwe malire a masiku 5 oti akhale atayambitsidwanso. Yatsani Delivery Optimization kuti makina a pa netiweki imodzi azigawana update pa port 7680, m'malo moti iliyonse izikoka yokha pa intaneti. Anthu a pamsewu amagwiritsa ntchito hotspot ya foni, ndipo Windows ikaona kuti intanetiyo ndi metered, ma update ambiri saikoka. Ili si vuto la luso, ndi la ndalama: mabwana asankhe kugula data yokwanira kapena kulamula kuti laputopu iliyonse izigona pa Wi-Fi ya nthambi kamodzi pa mwezi.

Chomaliza, achotsereni anthu udindo wa admin pa makina awo, ndipo yatsani Windows LAPS kuti laputopu iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake ya admin yosinthasintha. Pasiwedi imodzi ya admin pa makina onse ikadziwika kwa munthu mmodzi, pakutha pa mwezi onse amakhala akuidziwa.

Nachisale_Avondale

A Nabanda, mwalandira zambiri kale, koma anthu 20 a mafoni awoawo aja sanakambidwe, ndipo ndi pamene pamabuka mikangano.

Foni ya munthu musailembetse ngati ya kampani. Anagula ndi ndalama zake, muli zithunzi za ana ake ndi EcoCash yake. Gwiritsani ntchito app protection policy. Imagwira mapulogalamu okha monga Outlook, Teams ndi OneDrive, popanda kulembetsa foni. Mumaika PIN ya pulogalamuyo, mumaletsa kukopera mawu kuchoka mu Outlook kupita ku WhatsApp, mumaletsa kusunga mafayilo a kampani mu Google Drive ya munthu, ndipo akasiya ntchito mumachotsa za kampani zokha. Pa Android afunika kuika Company Portal, ngakhale sachita kulowamo. Kenako ikani lamulo la Conditional Access loti imelo izitseguka mu pulogalamu yotetezedwa yokha, apo ayi munthu angoiika mu Gmail kapena mu Mail ya iPhone n'kulambalala zonse. Muli setting ya nthawi imene pulogalamu ingakhale osaona intaneti isanafufute za kampani. Imabwera ili pa masiku 90. Kwa ine ameneyo ndi masiku ochuluka, 30 ndi okwanira.

Amene akufuna work profile pa foni yawo, awonetseni ndi maso. Mapulogalamu a kuntchito amakhala ndi kachikwama pakona, ndipo inu simungaone zithunzi, ma SMS kapena WhatsApp ya mbali yawo, simungafufutenso foni yonse. Lembani zimenezi pa pepala limodzi m'Chingerezi ndi m'Chishona, munthu awerenge n'kusaina. Anthu akamakayikira kuti mukuwazonda, amachotsa pulogalamu n'kuyamba kutumizirana mafayilo pa WhatsApp, zomwe n'zoipa kuposa poyamba.

Apa ndisiyane pang'ono ndi a Phiri pa za madalaivala. Fully managed ndi yabwino, koma imakupatsani mphamvu yoona pamene foni ili, ndipo malo amene munthu ali ndi chinsinsi chake pansi pa lamulo. Cyber and Data Protection Act ya 2021 ndi imene ikugwira ntchito kuno, POTRAZ, bungwe la boma loona za mafoni, ndiyo yoyang'anira, ndipo lamulo la SI 155 la 2024 linabweretsa za layisensi ya osunga data ya anthu ndi kusankha data protection officer. Muwauze antchito mwa kalata kuti mudzayang'ana malo a foni pa nthawi iti komanso pa chifukwa chanji, ndipo ololedwa kudina batani limenelo akhale anthu awiri okha. Lamulo lomweli likuti data ya anthu ikaonongeka kapena kugwera m'manja olakwika, muuze POTRAZ pasanathe maola 24. Laputopu yokhala ndi mayina, manambala ndi ngongole za makasitomala ikabedwa, funso loyamba lidzakhala lakuti kodi inali ndi encryption. Lipoti la BitLocker la mu Intune ndiwo umboni wanu.

Ma iPhone a mabwana aja. Kuti Intune ilankhule ndi chipangizo cha Apple pamafunika Apple MDM push certificate, ndipo imatha pakapita chaka chimodzi. Muyenera kuikonzanso ndi akaunti ya Apple yomweyo imene inaipanga. Mukaipanga ndi akaunti ya munthu, iye n'kusiya ntchito, mudzapanga satifiketi yatsopano ndipo ma iPhone onse adzafunika kulembetsedwanso. Pangani akaunti ya kampani, ndipo tsiku lotha lilembedwe pa kalendala ya anthu awiri, mwezi umodzi lisanafike. Lost Mode ndi kodi yodutsira Activation Lock zimapezeka pa iPhone ya supervised yokha (imene ili yonse m'manja mwa kampani), ndipo kuti ikhale yotero muyenera kuifufuta, kudzera mu Apple Business Manager kapena ndi chingwe pa Mac yokhala ndi Apple Configurator. Bwana akakana kuti foni yake ifufutidwe, muikireni app protection monga ena aja, koma dziwani kuti akadzachoka osatulutsa akaunti yake ya iCloud, foniyo idzakhala yokhoma ndipo mudzafunika lisiti yogulira kuti Apple ikuthandizeni. Malisiti amenewo asungeni lero.

Nabanda_Msasa

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Funso lina: madalaivala ambiri timawagulira bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotchipa. Kodi imeneyi ikwanira? Komanso foni ikabedwa usiku, amene ali pa ntchito achite chiyani choyamba?

Phiri_Graniteside

Sikwanira, achemwali. Bandulo ya WhatsApp imatsegula njira ya ku WhatsApp yokha. Foni imaoneka ngati ili pa intaneti, dalaivala akutumiza zithunzi za ma invoice bwinobwino, koma singafike ku maseva a Microsoft kapena a Google. Lamulo lanu lotseka silifika, ma policy atsopano safika, Authenticator salandira uthenga wovomereza. Mwachizolowezi chipangizo chimakaonekera ku Intune pafupifupi maola 8 aliwonse, ndiye mukaona foni yoti mwini wake ali pa WhatsApp tsiku lililonse koma last check-in ndi ya masabata atatu apitawo, chifukwa chake ndi chimenechi. Mzere uliwonse wa kampani, kaya ndi Econet kapena NetOne, ukhale ndi data wamba, ngakhale yochepa. Kulankhula ndi Intune sikudya zambiri, zodya data ndi ma update a mapulogalamu, ndipo amenewo mutha kuwaika pa Wi-Fi yokha mu policy. Letsani kapena chepetsani hotspot pa mafoni a madalaivala kuti datayo isathe tsiku loyamba.

Foni ikabedwa, ndondomeko ikhale yolembedwa, ndipo motsatana motere.

1. Tsekani akaunti ya munthuyo mu Entra ID, dinani Revoke sessions, kenako sinthani pasiwedi. Kusintha pasiwedi kokha, monga mumachitira pano, sikuchotsa maimelo amene ali kale mu foni, ndipo chilolezo chomwe pulogalamu inalandira chitha kugwirabe ntchito kwa ola limodzi kapena kupitirirako.
2. Chotsani Authenticator ya foni yobedwayo pa njira zake za MFA. Mukamutsegulira akaunti, mpatseni Temporary Access Pass, kodi yakanthawi yoti alembetsere foni yatsopano.
3. Musanatseke SIM, tumizani lamulo mu Intune, chifukwa mzerewo ungakhale njira yokhayo yofikira foniyo. Yang'anani malo ake, kenako Wipe ngati ndi ya kampani. Retire imangochotsa za kampani n'kumasula chipangizo, ndi ya munthu wosiya ntchito ndi foni yakeyake. Kusokoneza ziwirizi pa foni yobedwa ndiye kuti mwaimasula nokha.
4. Pakapita mphindi zochepa, imbani ku kampani ya mafoni atseke SIM, makamaka ngati mzerewo uli ndi EcoCash kapena OneMoney. Mizere ilembetsedwe m'dzina la kampani kuti muthe kuitseka ndi kutulutsa ina popanda kudikira dalaivala abwere ndi chitupa chake. SIM yatsopano ikafika, lembetsaninso WhatsApp pa nambalayo, foni yobedwa ituluka yokha.
5. Kanenani ku polisi muli ndi IMEI, ndipo muuzeni amene amaona za data kuti maola 24 amene a Nachisale anena asadutse.

Chipangizocho musachichotse pa mndandanda wa Intune lamulo lofufuta likadali pa pending, chisiyeni chidikire. Muonenso lamulo la mu Intune loyeretsa lokha zipangizo zosaoneka kwa nthawi yaitali, liikeni pa masiku 90 kapena kupitirira, chifukwa anthu anu amatha miyezi iwiri ali kunja.

IMEI itengeni foni idakali m'manja mwanu: imbani *#06#, ndipo foni ya ma SIM awiri imatulutsa manambala awiri, lembani onse. Pa pepala lomwelo muike serial, nambala ya mzere, PUK (nambala yotsegulira SIM yokhoma), tsiku logulira ndi dzina la amene anasainira. Ikaninso PIN pa SIM iliyonse. Wakuba akaisamutsira mu foni ina imufunsa PIN, ndipo akalakwitsa katatu imakhoma mpaka PUK.

Mbewe_Highfield

Ndiwonjezere pa nambala 3 kwa mafoni a fully managed. Mu policy ya device restrictions muli malo olembapo imelo ya factory reset protection. Lembanimo akaunti ya Google ya kampani, yosungidwa ndi IT. Wina akafufuta foni kudzera pa mabatani a recovery, imadzuka ikufuna akaunti imeneyo, ndipo popanda iyo sipitirira. Inu mukaifufuta kuchokera mu Intune, sifunsa. Yesani pa Samsung imodzi ndi Tecno imodzi musanagawe, ndipo pasiwedi ya akauntiyo ikhale mu sefa limodzi ndi za maakaunti adzidzidzi aja.